Makina Okumbira Maenje ndi Nthaka ya ku Mulanje

Woulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa mlembi wa kalabu ya alimi kufupi ndi Chonde, ndipo akuti: "Tifuna kuimika mizati ya mpanda ndi kubzala mitengo yambiri, tigule makina otani okumbira maenje, omangirira kumbuyo kwa thirakitala?" Tiyankheni, a alangizi.

Mlangizi: Zikomo, bambo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo mwachita bwino kufunsa ndalama zikali m'thumba. Koma ndisanatchule chitsulo ndiyambe ndi nthaka, pakuti boma la Mulanje, lingakhale lili limodzi, nthaka yake si imodzi ayi. Katondo wofiira ndi wakuya wa kuminda ya tiyi, monga ku Mimosa ndi ku Lujeri, savuta konse: makina oyendera shafiti ya kumbuyo kwa thirakitala, okhala ndi chobowolera cha masentimita 23 m'mimba mwake, akwanira pa mizati. Makande akuda a m'zigwa za Thuchila ndiwo amayesa mtima wa munthu, chifukwa m'chilimwe auma gwa, ndipo m'dzinja agwira chitsulo nachikokera pansi ngati sikuluwu m'thabwa. Tsono popeza shafiti ija sizungulira chobwerera, mudzapindika msana kuchipotokola ndi manja kufikira dzuwa litapendeka. Kumeneko ine ndiyamikira makina a hayidiroliki, amene amatha kubwerera, ungakhale mtengo wake uwawa. Mukalephera kuwagula, kumbani pang'onopang'ono, ndi kutukula chobowolera kawirikawiri kuti chitaye dothi. Ndipo ngati dzenjelo ndi la mtengo, kandani khoma lake ndi khasu, pakuti chitsulo chimalisalaza, mizu nkusowa polowera.

Woulutsa: Mayi wina wa ku Likhubula akudandaula kuti bawuti ya makina awo ingoduka, ndipo afuna kuikapo yolimba koposa.

Mlangizi: Ayi, mayi, musatero, ndapota nanu! Bawuti imeneyo inapangidwa yofooka mwadala, kuti chobowolera chikagunda mwala iyo iduke m'malo mwa magiya, amene mtengo wake uposa wa bawuti kutalitali. Inu amene mukhala m'tsinde mwa phiri mudziwa kuti pansi panu pagona miyala kuyambira kalekale, ndipo namondwe Freddy, m'mwezi wa Malichi 2023, anatsitsa ina m'makwawa naikwirira ndi matope, kotero kuti munda wooneka wosalala ukhoza kubisa thanthwe. Funsani chobowolera cha mano a kabaidi, olimbana ndi nsangalabwi. Chepetsani moto wa injini. Sungani mabawuti ofanana ndi oyambawo m'bokosi. Ndipo pamene mwala wakana, piki agwire ntchito yake. Chinanso ndinene ndi mawu olemera: shafiti ikamazungulira, munthu asayandikire, makamaka wovala chitenje kapena malaya olendewera, ndipo woyendetsa asatsike pampando asanazimitse injini.