Bololo: mudziweni musanagule mankhwala

Alimi a m'madimba, makamaka inu amene mumafesa tomato, anyezi, kabichi kapena mpunga pa nazale, bololo muli naye pafupi ngakhale simumuona masana. Amakhala m'nthaka yachinyezi: m'madambo, m'mbali mwa mitsinje ndi m'mabedi othiriridwa tsiku ndi tsiku.

Ena amamusokoneza ndi nkhululu. Nkhululu ndi yaikulu, imakonda dothi lamchenga ndipo imaunjika dothi pakhomo pa una wake. Bololo ndi wocheperapo, wotalika pafupifupi masentimita 3, wofiirira, wa tiubweya tosalala. Yang'anani miyendo yake yakutsogolo: ndi yaifupi, yotambalala, yamanomano, yofukulira dothi ngati ya mfuko. Mukamufumbata amakankha zala mwamphamvu kuti adutse, koma alibe ululu uliwonse.

Kukangoda, wamphongo amalira mosadukiza ali pakhomo pa una kuitana wamkazi. Wamkaziyo amauluka usiku, n'chifukwa chake nthawi ya mvula mumamupeza atagwera pa nyale. Mazira amaikira pansi m'dothi.

M'mawa onani pabedi. Ngati pali timizere tokhotakhota ta dothi lotukumuka, bololo wayenda usiku. Pofukula chonchi amadula mizu ndi kutukula mbande, ndipo dzuwa likatentha zimafota ngakhale munathirira. Amaboolanso mbatata ndi kachewere. Komabe mbande yodulidwa patsinde popanda timizere timeneti kawirikawiri imakhala ntchito ya mbozi zodula mbewu, choncho musathamangire kuweruza.

Kuti mutsimikize, sungunulani masupuni 2 a sopo wamadzi wotsukira mbale m'malita 4 a madzi, n'kuthira pamene pali timizereto, m'mawa kapena madzulo. Pakangopita mphindi zochepa amatuluka yekha. Mutoleni, nkhuku ndi abakha amamudya bwino.

Kupatula mbatata ndi kachewere, pa mbewu zokhwima bololo saononga kwenikweni, ndipo amadyanso mphutsi za m'dothi, kotero kuthira mankhwala dimba lonse n'kutaya ndalama komanso kuipitsa madzi amene anthu ndi ziweto akumwa kumunsi kwa mtsinje. Tetezani nazale basi. Gaulani bedi mozama musanafese kuti mazira atulukire padzuwa, thirani manyowa owolerana bwino okhaokha, ndipo musathirire mopitirira muyeso. Mbande zikamafabe, itanani mlangizi wa zaulimi adzaone musanagule mankhwala.