Khansa ya Kotulukira Chimbudzi: Madokotala Amaona Chiyani Kuti Adziwe Ngati Chithandizo Chigwire Ntchito?

Anthu awiri akhoza kudwala matenda amodzi, n'kulandira chithandizo chofanana pachipatala chimodzi, koma wina n'kuchira msanga pamene mnzake akuvutikabe. Zikatere kumudzi sikuchedwa kumveka manong'onong'o akuti pali dzanja la munthu. Madokotala ali ndi yankho lina. Iwo amati m'thupi mwa wodwala ndi m'chotupa chenichenicho muli zinthu zimene zingathe kupimidwa, zomwe zimalozeratu mmene chithandizo chidzayendere. M'phunziro lino tizitchula zinthu zimenezi kuti zolozera. Tiona zolozera za khansa imene ambiri timachita nayo manyazi kuitchula, khansa ya kotulukira chimbudzi.

Khansa imeneyi ndi yotani?

Imayamba pakhungu la mkati mwa kanjira kakafupi kamene chimbudzi chimadutsamo potuluka. Siyofala ngati khansa ya khomo la chiberekero, koma ziwirizi ndi za pachibale, chifukwa gwero lake ndi limodzi: kachilombo ka HPV. Mwa odwala 10 alionse a khansa ya kotulukira chimbudzi, pafupifupi 9 amapezeka ndi HPV m'chotupa chawo, makamaka mtundu wa nambala 16. Anthu amene ali ndi HIV, amayi amene anapezekapo ndi zizindikiro za khansa ya khomo la chiberekero, ndiponso osuta fodya ali pachiopsezo chachikulu kuposa ena.

Zizindikiro zake ndi kutuluka magazi pochita chimbudzi, kupweteka, kuyabwa kosatha, chotupa kapena chilonda chosapola, ndi anabere m'mphechepeche. Vuto ndi lakuti zizindikirozi zimafanana ndi za matenda a mudzi. Munthu amangodzilimbitsa mtima kuti ndi mudzi basi, n'kumathira mankhwala azitsamba miyezi ikupita, chotupa chikukula.

Chithandizo chake

Kale njira inali opaleshoni yochotsa malo onsewo, ndipo wodwala ankakhala ndi kathumba kapamimba kolandirira chimbudzi moyo wake wonse. M'chaka cha 1974, dokotala Norman Nigro wa ku Detroit m'dziko la America pamodzi ndi anzake anaonetsa kuti kuphatikiza mankhwala a khansa ndi kuwotcha chotupa ndi cheza cha makina kumatha kusungunula khansayi. Mpaka lero imeneyi ndiyo njira yoyamba. Wodwala amapita pamakina tsiku lililonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu kwa masabata 5 kapena 6. Ambiri amachira popanda opaleshoni yaikulu ija, makamaka akabwera msanga. Koma si onse, ndipo apa ndi pamene zolozera zimafunika.

Cholozera choyamba: HPV ndi p16

Dokotala akakayikira khansa, amadula kanyama kakang'ono pachotupa n'kukatumiza ku labotale. Kumeneko amatha kuona ngati khansayo inayamba ndi HPV. Njira imodzi ndi kufufuza puloteni yotchedwa p16. Kachilombo ka HPV kakalowa m'selo, kamamasula mabuleki amene amaletsa selo kuchulukana mwachisawawa. Poyesa kudziteteza, selo limapanga p16 wochuluka zedi. Akathira mankhwala apadera pakanyama kaja, p16 amaoneka wofiirira pamakina oonera zinthu zing'onozing'ono.

Chodabwitsa n'chakuti khansa imene muli HPV ndi p16 ndiyo imamva bwino chithandizo kuposa imene mulibe. Zifukwa zazikulu ndi ziwiri. Choyamba, m'selo lililonse muli mlonda wotchedwa p53, amene amalamula selo loonongeka kuti life. M'khansa ya HPV mlondayu amangotsekedwa pakamwa, koma amakhala ali wamoyo. M'khansa yopanda HPV kawirikawiri mlondayu amakhala woonongekeratu, motero maselo a khansa amapirira ngakhale awotchedwe. Chachiwiri, chotupa chimene muli kachilombo chimaoneka chachilendo kwa asilikali a m'thupi, choncho amachizindikira n'kuthandiza kuchigonjetsa.

Cholozera chachiwiri: asilikali a m'thupi

Akatswiri apeza kuti chotupa chimene mwalowa asilikali ambiri a m'thupi sichibwereranso kawirikawiri pambuyo pa chithandizo. Izi zikutifikitsa pa nambala ziwiri zimene ambiri kuno ku Mzuzu tikuzidziwa kale kuchokera ku kiliniki ya ma ARV: CD4, imene imaonetsa mphamvu ya chitetezo cha m'thupi, ndi kuchuluka kwa tizilombo ta HIV m'magazi.

Munthu amene CD4 yake ili pansi pa 200 amavutika kwambiri ndi chithandizo cha khansa. Khungu limasupuka kwambiri, m'mimba mumatsegula, matenda ena amalowerera, ndipo nthawi zina madokotala amakakamizika kuimitsa kaye chithandizo. Koma amene amamwa ma ARV mokhulupirika, tizilombo n'kuchepa mpaka osaoneka popima, amatha kulandira chithandizo chonse ndi kuchira mofanana ndi munthu amene alibe HIV. Piritsi limene mumamwa tsiku ndi tsiku likukonzeratu thupi lanu kulimbana ndi nkhondo imene simukuidziwa.

Cholozera chachitatu: kuchuluka kwa magazi

Kupima ngati munthu ali ndi magazi okwanira ndi chinthu chimene zipatala zathu zimachita tsiku lililonse. Magazi ndiwo amanyamula mpweya wabwino kupita nawo m'thupi monse, ngakhale m'chotupa momwe. Cheza cha makina chimapha bwino maselo a khansa pamene pali mpweya wokwanira, monga mmene makala amayakira bwino pambaula yolowa mphepo. Kafukufuku waonetsa kuti odwala amene amayamba chithandizo ali ndi magazi ochepa, zotsatira zawo sizikhala zabwino ngati za anzawo. Munthu amene wakhala akutaya magazi pang'onopang'ono kwa chaka chathunthu, mwinanso malungo ndi njoka za m'mimba zikumudya, amafika kuchipatala atatsalira kale.

Cholozera chachinayi: kukula kwa chotupa

Ichi sichifuna labotale, koma ndi champhamvu kwambiri. Madokotala amasiyanitsa chotupa chosapitirira masentimita 2, chapakati pa 2 ndi 5, ndi choposa masentimita 5, chomwe ndi chachikulu ngati dzira la nkhuku. Amaonanso ngati khansa yafika m'anabere. Chotupa chaching'ono chimene sichinafalikire chimachizika mwa odwala ochuluka zedi. Chikakula ndi kufika m'anabere, mwayi umachepa. Kusiyana kwa ziwirizi nthawi zambiri ndi miyezi imene munthu anakhala chete chifukwa cha manyazi.

Zimene zikufufuzidwabe

M'mayiko ena akatswiri akuyesa kupeza tizidutswa ta HPV timene chotupa chimataya m'magazi. Tikatha pambuyo pa chithandizo, ndi chizindikiro chabwino. Tikapezekabe, khansa ikhoza kubwerera. Cholinga n'chakuti tsiku lina wodwala aliyense azilandira mlingo womuyenera, wina wocheperako kuti asavutike pachabe, wina wokulirapo. Pakadali pano p16 ndi zolozera zatsopanozi zimathandiza dokotala kuyerekeza za m'tsogolo, koma chithandizo choyamba chimakhala chomwe chija kwa onse.

Tikumbukirenso kuti cholozera si chigamulo. Chimanena zimene zimachitika kwa anthu ambiri, osati zimene zidzachitike kwa inuyo. Alipo odwala amene zolozera zawo sizinali zabwino koma anachira.

Kuleza mtima pambuyo pa chithandizo

Kafukufuku wamkulu wa ku Britain wotchedwa ACT II, amene munali odwala 940, anapeza kuti khansayi imasungunuka pang'onopang'ono. Odwala ambiri amene chotupa chawo chinkamvekabe atangomaliza chithandizo anapezeka chitatheratu pofika sabata ya 26 chiyambireni chithandizo. Choncho wodwala akamva kuti kachotupa kadakalipo patapita mwezi umodzi, asataye mtima n'kuthamangira kwina. Abwerere kuchipatala pa masiku onse amene anauzidwa.

Nanga ife kuno kumpoto?

Kwa zaka zambiri Amalawi ofunika makina owotchera khansa ankatumizidwa kunja kwa dziko. Tsopano makinawa alipo ku Blantyre ndiponso pa National Cancer Centre, pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Kuchokera ku Mzuzu ndi ulendo wa makilomita oposa 300, ndipo wodwala ndi womudikirira amayenera kukhala kumeneko mwezi ndi theka. Kudukiza chithandizo kumapatsa khansa mpata wophukanso. Apa mphakati uli ndi ntchito: kusonkha ya thiransipoti, ufa ndi ndiwo, kuyang'anira ana otsala pakhomo, ndi kulimira munda wa wodwalayo.

Ulendo umayambira pafupi. Mukaona magazi, chotupa kapena chilonda chimene chatha masabata angapo osapola, pitani kuchipatala chapafupi, kaya ndi cha boma kapena cha mishoni monga St John's, ndipo pemphani kuti akuoneni pamalopo, osati kungokupatsani mankhwala. Ngati n'kofunika adzakutumizani ku Mzuzu Central kuti akadule kanyama kokapima. Zotsatira zikachedwa, funsani, ndipo onetsetsani kuti zalembedwa m'buku lanu la kuchipatala.

Kupewa kuliponso. Katemera wa HPV anayamba kuyesedwa m'maboma a Rumphi ndi Zomba mu 2013, ndipo mu 2019 boma linayamba kumupereka kwa atsikana m'dziko lonse. Katemerayu amateteza ku mitundu ya 16 ndi 18, choncho potchinjiriza khomo la chiberekero amatchinjirizanso ku mtundu umene umayambitsa khansa ya kotulukira chimbudzi. Makolo, musawabise ana anu. Amayi, pitani mukayezetse khomo la chiberekero. Osuta fodya asiye, chifukwa fodya amachepetsanso mphamvu ya chithandizo. Kukhulupirika m'banja kumachepetsa kufala kwa kachilomboka.

Tisaweruze wodwala

HPV ndi kachilombo kofala kwambiri, ndipo anthu ambiri amakatenga nthawi ina pamoyo wawo osadziwa. Kamatha kuchoka kumaliseche n'kufika kotulukira chimbudzi pakokha. Khansa imeneyi si umboni wa mmene munthu wakhalira, ndipo miseche yathu ndi imene imachititsa ena kubisa matenda mpaka mochedwa. M'mutu 5 wa Uthenga Wabwino wa Marko timamva za mayi amene anataya magazi zaka 12, nadza mobisala kumbuyo kwa Yesu. Ambuye sanamuchititse manyazi. Anamuitana poyera, namulankhula ngati mwana wawo. Mlongo kapena mbale wathu akatiululira vuto lotere, tisunge chinsinsi chake ndipo timuperekeze kuchipatala.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Mwa zolozera zinayi zimene taphunzira, ndi ziti zimene munthu angachitepo kanthu asanadwale n'komwe?
2. N'chiyani chimatilepheretsa kuuza dokotala za vuto la malo obisika, ndipo tingathandizane bwanji?
3. Mkhristu mnzathu atatumizidwa ku Lilongwe kwa masabata 6, mphakati wathu ungachite chiyani kuti asadukize chithandizo?
4. Kodi atsikana a m'mabanja mwathu analandira katemera wa HPV?