Mitengero

Mwana wa ku Chifunde akulembera kalata atate ake ku Tete. Walemba kuti:

Agogo ati ndikudwala.

Ndani akudwala? Agogo kapena mwana? Atate sangadziwe.

Tsopano onani:

Agogo ati: "Ndikudwala."

Apa wodwala ndi agogo. Tadziwa bwanji? Taona tizizindikiro iti: " ". Dzina lake ndi mitengero. M'Cipwitikizi ndi aspas.

Mitengero imasonyeza poyambira ndi pothera mawu a munthu wina. Timaiona m'kalata, m'mabuku ndi pa kompyuta pomwe.

Nchito ya kunyumba

1. Funsani amayi anu kuti: "Lero tidya ndiwo yanji?"
2. Lembani yankho lawo m'kati mwa mitengero.
3. Awerengereni a m'banja mwanu.