Fizikisi ya Pamsewu: Kusamutsa Pikiapu Yolemera Kuchoka ku Joni Kufika Kuno

Anzanga a Fomu 3 ndi Fomu 4, ambiri mwa ife tili ndi abale amene akugwira ntchito ku Joni. Akaganiza zobwerera kumudzi, chinthu chachikulu chimene amafuna kubwera nacho ndi galimoto, makamaka pikiapu, imene kumeneko amaitcha bakkie. Galimotoyo ndi thukuta la zaka zambiri, ndipo ikafika bwino imakhala mpamba wa banja lonse: kunyamula chimanga, njerwa, odwala. Koma ikawonongeka panjira, basi zonse zathera pomwepo. Sabata ino ndikufuna tione kuti mitu ija timaiona ngati yovuta m'kalasi ya Fizikisi ndi yomwe imaweruza ngati pikiapuyo ifike kapena ayi.

Ulendo wake ndi wotani?

Kuchoka ku Johannesburg kufika ku Blantyre ndi makilomita opitirira 1,700. Munthu amatsata msewu wa N1 mpaka ku Beitbridge, n'kulowa mu Zimbabwe, kudutsa Masvingo ndi Harare mpaka ku Nyamapanda. Akalowa mu Mozambique amawoloka Zambezi pa Tete, kenako Zobue, n'kulowa m'dziko muno pa Mwanza. Akatero amatsetsereka mpaka pa Zalewa, kuwoloka Shire, n'kukwera kupita ku Blantyre. Mabodawo ndi atatu, maiko ndi anayi. Si ulendo wongodzuka n'kunyamuka ayi.

Kodi pikiapu imalemera bwanji?

Toyota Hilux ya zitseko zinayi imalemera pafupifupi makilogalamu 2,100 isananyamule kanthu. Kuti tione bwino, amenewo ndi matumba a chimanga 42 a makilogalamu 50. Paja aphunzitsi amatiuza kuti mass ndi weight n'zosiyana. Mass ndi 2,100 kg, pomwe weight ndi mass kuchulukitsa ndi 10 N/kg, yankho lake 21,000 N. Musaiwale nambala zimenezi, tizigwiritsa ntchito kutsogoloku.

Njira zitatu zosamutsira

Yoyamba ndi kuiyendetsa yokha. Ndi yotchipa ngati galimoto ili bwino. Tiyerekeze kuti imamwa malita 10 a dizilo pa makilomita 100 alionse. Ndiye kuti pafunika malita osachepera 170. Vuto lake ndi kutopa kwa dalaivala komanso kutha kwa matayala.

Yachiwiri ndi kuikweza pa lole yonyamula magalimoto. Ndi yodula, koma pikiapuyo imafika injini isanagwire ntchito ngakhale pang'ono.

Yachitatu ndi kuikweza pa thirela n'kumaikoka ndi galimoto ina. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa masamu. Amalume anga atabwera ndi pikiapu yawo chaka chatha, anandipatsa pepala n'kunena kuti, "Iwe mphwanga, paja umaphunzira sayansi, tandiwerengera ngati ndikanatha kuikoka pa thirela." Tinawerengera limodzi motere: pikiapu 2,100 kg, thirela yake tiyerekeze 700 kg, zonse 2,800 kg. Akaikamo firiji, mabedi ndi zikwama zokwana 800 kg, zafika 3,600 kg. Tsono Hilux zamphamvu kwambiri zimaloledwa kukoka 3,500 kg basi, ndipo zimenezo ndi pamene thirelayo ili ndi mabuleki akeake. Thirela yopanda mabuleki malire ake ndi 750 kg. Mwaona? Katundu wa m'nyumba yekha wadutsitsa malire. Ndinawayankha kuti, "Amalume, munachita bwino kuiyendetsa."

Nanga kukoka ndi chingwe, monga timaonera pamsewu wathu uno? Pa mtunda wautali chonchi, iyayi. Injini ikazima, mabuleki ndi chiwongolero zimalimba chifukwa zimadalira injiniyo kuti zifewe. Komanso ngati galimoto ndi ya otomatiki, pampu yoyendetsa oilo mu giyabokisi imazunguliridwa ndi injini. Matayala akamazungulira injini ili chete, zitsulo za mkati zimakhulana popanda oilo wokwanira mpaka giyabokisi kupsa. N'chifukwa chake amakaniko amayamba amasula propushafuti akafuna kukoka galimoto yotere matayala ali pansi.

Inertia: chifukwa chake timamanga

Lamulo loyamba la Newton limati chinthu choyenda chimafuna kupitirirabe kuyenda. Lole ikaponda mabuleki, pikiapu imene yakwezedwa pamwamba siidziwa zimenezo, imafuna kupitirira kutsogolo, kumene kwakhala dalaivala. Tiyeni tiwerengere. Lole ikuyenda pa 72 km/h, amene ndi 20 m/s, ndipo yaima m'masekondi anayi chifukwa mbuzi yadumphira mumsewu. Deceleration ndi 20 kugawa ndi 4, yankho 5 m/s². Mphamvu yofunika kugwira pikiapu ija ndi F = ma, ndiye 2,100 × 5 = 10,500 N. Zili ngati kulemera kwa matumba 21 a chimanga kukukoka cham'mbali nthawi imodzi. Handibuleki yokha singadaliridwe pamenepa, makamaka pa chitsulo chonyowa pamene friction yachepa. Ndiye amamanga malamba olimba kapena unyolo pa ngodya zonse zinayi, kuika zotsekera kumatayala, ndipo akayenda pang'ono amaima n'kumanganso, chifukwa malamba amakhwefuka galimoto ikamagwedezeka.

Centre of gravity ndi kugwedezeka kwa thirela

Pikiapu ndi yaitali kale. Mukaikweza pa thirela, centre of gravity imakwera, ndipo chinthu chimene kulemera kwake kuli m'mwamba sichichedwa kugubuduzika pa kona. Mwaonapo minibasi yodzaza katundu padenga mmene imapendamira, eti? N'chimodzimodzi.

Chinanso ndi kumene kulemera kwakhala. Gawo lolemera la pikiapu ndi kutsogolo kumene kuli injini, ndiye imakwezedwa moyang'ana kutsogolo kuti kulemera kwambiri kukhale patsogolo pang'ono pa matayala a thirela. Kulemera kukapita kumbuyo, thirela imayamba kuvina, uku ndi uku, ndipo liwiro likamakwera kuvinako kumakula mpaka kugwetsa galimoto yokokayo. Zikayamba, dalaivala wanzeru amachotsa phazi pa mafuta pang'onopang'ono, chiwongolero atachigwira mowongoka. Kuponda mabuleki mwadzidzidzi kumangoonjezera vuto.

Liwiro ndi mabuleki

Iyi ndi fomula imene imabwera kawirikawiri pa mayeso: KE = ½mv². Titenge katundu wa 3,000 kg. Pa 36 km/h, amene ndi 10 m/s, kinetic energy ndi 150,000 J. Pa 72 km/h ndi 600,000 J. Liwiro langowirikiza kawiri, koma energy yawirikiza kanayi, ndipo mtunda wofunika kuti muime nawonso umawirikiza pafupifupi kanayi. Ndiye munthu akamati "ndangowonjezera pang'ono sipidi," sakudziwa chimene akunena.

Energy imeneyi siisowa, imasanduka kutentha m'mabuleki. Pa chitsetso chachitali, monga kuchoka ku Mwanza kutsikira ku Shire, potential energy nayonso imalowa momwemo. Mabuleki akatentha mopyola muyeso amasiya kugwira, ngakhale muponde mpaka pansi. Mankhwala ake ndi kutsika pa giya yaing'ono kuti injini ithandize kubweza galimoto. Anthu a kumpoto amadziwa bwino zimenezi chifukwa cha mapiri a Chiweta.

Ku Tete kumatentha kwambiri, ndipo kumeneko pressure law imaoneka ndi maso. Mpweya wa m'tayala ukatentha, pressure imakwera. Choncho mpweya amayeza m'mawa matayala akadali ozizira, ndipo saphwetsa tayala lotentha poganiza kuti ladzaza kwambiri. Tayala lochepa mpweya litasenza katundu wolemera ndi limene limatentha n'kuphulika.

N'chifukwa chiyani pamsewu pali sikelo?

Pa Mwanza ndi pa Balaka pali masikelo oyezera malole. Ena amaganiza kuti ndi njira yongotolera ndalama, koma pali sayansi. Kafukufuku wa misewu amene anachitika ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anaonetsa kuti kuwonongeka kwa msewu kumakula motsatira kulemera kwa pa ekiselo kukwezedwa ku pawa 4. Kulemera kukawirikiza kawiri, kuwonongeka kumawirikiza 2 × 2 × 2 × 2, kapena kuti ka 16. Lole imodzi yodzaza mopyola imawononga tala kuposa magalimoto ang'onoang'ono ambirimbiri. Maenje aja timadandaula nawo popita kusukulu, ena amayambira pamenepa.

Mapepala nawonso ndi katundu

Fizikisi ikhoza kukhala bwino, koma popanda mapepala galimoto imagona pa boda. Pamafunika pepala la umwini, chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yakuba, inshuwalansi yovomerezeka m'dziko lililonse limene mukudutsa, ndi kukonzekera za msonkho wa MRA pofika pa Mwanza. Ndi bwino kufunsa ku ofesi musananyamuke kusiyana n'kumvera za m'maluwa.

Yesani nokha

1. Pikiapu ya 2,400 kg ili pa lole yoyenda pa 15 m/s. Loleyo yaima m'masekondi atatu. Pezani mphamvu yofunika kuti pikiapuyo isasunthe.

2. Thirela ndi katundu wake zikulemera 2,000 kg. Pezani kinetic energy yake pa 54 km/h. Kumbukirani kusintha kukhala m/s.

3. Fotokozani m'ziganizo ziwiri chifukwa chake matumba a simenti sayenera kuikidwa kumbuyo kwenikweni kwa thirela.

Lembani mayankho anu papepala, muike dzina ndi fomu, n'kuponya m'bokosi la kalabu ya sayansi pofika Lachisanu. Mayankho olondola tidzawapachika pa bolodi lomwe lino sabata yamawa. Ndipo chonde anzanga, werengani pepalali lili pomwepa, musalimatule, ena sanawerenge.