Comera Cosafuna Nthaka

Tonse tidziŵa kuti cimanga ndi nyemba zimera m'nthaka, ndipo zimwa madzi ndi mizu yao. Koma ciliko comera cina cimene cikhala ndi moyo popanda dothi ngakhale pang'ono. Dzina lake ndi Tillandsia.

Kwao kwa comeraci ndi ku maiko ofunda a ku America, monga Mexico, Brazil ndi Argentina. Kumeneko cimera pa nthambi za mitengo, pa matanthwe, ngakhalenso pa mawaya a magetsi. Mitundu yake iposa 600, ndipo yonse ili pa cibale ndi cinanazi. Katswiri wa zomera wa ku Sweden, Carl Linnaeus, analemba dzinali m'buku lake m'caka ca 1753, pokumbukira katswiri mnzake, Elias Tillandz. Ku Zambia kunonso tili nalo duŵa lomera pa mitengo, lochedwa Ansellia, lacikasu ndi lamaŵanga ngati nyalugwe.

Nanga Tillandsia amamwa bwanji? Mukayang'anitsitsa masamba ake otuŵa, mudzaona kuti akutidwa ndi timamba tating'onoting'ono. Mvula kapena mame akagwa, timambato tiyamwa madzi pamodzi ndi cakudya cocokera m'fumbi. Nchito ya mizu ndiyo kugwira nthambi basi. Siilanda cakudya ca mtengo ai. Cotero pakamwa pa comeraci ndi masamba. Iye woiŵala zimenezi nacibzala m'dothi, adzaciona cikuola.

Popeza sicifuna munda, mwana wokhala m'nyumba zosanja za ku Kabwata angathe kucisunga bwino lomwe monga mnzake wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands, kumene kuli mabwalo aakulu. Ciikeni pafupi ndi zenera, pamene pali kuŵala kokwanira ndi mphepo yopita, koma dzuŵa la masana lisaciombe. Mungathe kucikhazika pa khungwa louma kapena kucipacika ndi ulusi. Musacimange ndi waya wa mkuwa. Mkuwa ndiwo cuma ca dziko lathu, komatu kwa comeraci uli ngati ululu wa njoka.

Tsono cenjerani ndi madzi. Kodi munaona zoyera zija zokakamira m'kati mwa ketulo? Pansi pa mzinda wa Lusaka pali miyala ya laimu, ndipo madzi a m'zitsime zakuya atenga laimuyo. Madzi otere akaumira pa masamba kaŵirikaŵiri, laimu atseka timamba tija, ndipo comera cifa ndi ludzu cinkana mucithirira. Madzi a mvula ndiwo abwino koposa. Atungeni m'nyengo ya dzinja, kuyambira mwezi wa Novembala, ndi kuŵasunga m'cidebe covundikira.

Kamodzi pa mlungu, m'maŵa, viikani comera conse m'madzi kwa mphindi 20 kapena 30. Mukacivuula, cikutumuleni pang'ono ndi kucizondotsa, kuti madzi asatsalire pakati pa masamba. Ciyenera kuuma maora 4 asanathe, pakuti madzi ogona m'kati ndiwo aoletsa. M'mwezi wotentha wa Okutobala civiikeni kaŵiri pa mlungu. Masamba akayamba kupindika kwambiri ndi kuuma kunsonga, dziŵani kuti cili ndi ludzu. M'Juni ndi m'Julayi musacisiye panja usiku, cifukwa ca cisanu.

Tillandsia acita maluŵa kamodzi kokha pa moyo wake. Maluŵa akafota, kholo liyamba kufooka pang'onopang'ono, koma lisanafe liphukitsa ana m'mbali mwake. Musafulumire kuŵacotsa. Yembekezani kufikira mwana atafika theka la msinkhu wa kholo lake, pamenepo mumthyole mosamala. Mukatero mudzakhala naco cogaŵira mnzanu, ndipo comera canu sicidzatha m'nyumba.

MAFUNSO

1. Kodi Tillandsia ali pa cibale ndi cipatso canji?
2. Fotokozani nchito ya mizu yake ndi nchito ya masamba ake.
3. Cifukwa ninji madzi a mvula aposa madzi a m'citsime?
4. Cidzacitika nciani mukaleka kuzondotsa comera mutaciviika?

ZOCITA

Donthezani madzi a pa mpope pa galasi limodzi, ndi madzi a mvula pa galasi lina. Akauma, lembani zimene mwaona.