KUDEKHA KWA OSAMBIRA PANSI PA MADZI OUNDANA

Kumwera kwenikweni kwa dziko lapansi kuli dziko lalikulu lotchedwa Antarctica. Kumeneko kulibe mudzi, kulibe munda, kulibe mtengo ngakhale umodzi. Nthaka yafundidwa ndi madzi oundana, olimba ngati mwala. M'chaka cha 1959 maiko 12 anapangana kuti dziko limenelo lisakhale la nkhondo, koma la mtendere ndi maphunziro. Chifukwa chake okhala kumeneko ndiwo anthu ofufuza zolengedwa pamodzi ndi owathandiza, ndipo amagona m'misasa. Msasa woposa yonse kukula ndiwo McMurdo, wa Aamereka, umene unatsegulidwa m'chaka cha 1956 pa chilumba cha Ross. Phunziro lino linena za ena mwa anthu amenewa, amene ntchito yao ndiyo kutsikira pansi pa nyanja kukaona zamoyo za m'menemo.

1. Nyanja yake

Madzi a mchere saundana msanga monga madzi akumwa. Akumwa amaundana pa ziro, koma a m'nyanja ya mchere amayamba atsika kufikira madigiri 1.9 pansi pa ziro. Pa McMurdo madzi amakhala pafupi ndi muyeso umenewo chaka chonse. Pamwamba pake pamayala denga la madzi oundana lochindikala ngati mamita 2, lolimba kotero kuti mathirakitala amayendapo. Munthu wogwera m'madzi otere ndi zobvala wamba sakhalitsa: manja amafa dzanzi msanga, mphamvu ndi kumthera.

2. Kalowedwe kake

Ntchito yambiri imachitika kuyambira Okutobala kufikira Disembala, pamene dzuwa labwerera. Amisiri amaboola dzenje loposa pang'ono mita imodzi m'mimba mwake, ndipo pamwamba pake amaikapo kanyumba kofunda. Wosambira amabvala chobvala chosalowa madzi, m'kati mwake muli zobvala zina zotentha. Kumsana amabereka botolo la mpweya lokhala ndi zopumira ziwiri, pakuti chimodzi chitha kuundana ndi kuyamba kutaya mpweya. M'dzenjemo amatsitsa chingwe chokhala ndi mbendera ndi nyali zothwanima, chifukwa khomo lotulukira ndi limodzi lokha, ndipo wolitaya sangaboole dengalo ndi manja. Munthu salowa yekha. Amalowa ndi mnzake, ndipo wina amatsala pa dzenje kuwerenga nthawi ndi kuwathandiza potuluka. Kawirikawiri sapitirira mamita 40 kuya kwake, ndiponso sakwanitsa ora, popeza zala zimayamba kukana ntchito.

Zoopsa sizichokera ku kuzizira kokha ai. M'mwezi wa Julaye 2003, pa Rothera, msasa wa Angerezi, Kirsty Brown, wofufuza wa zaka 28, anakokeredwa pansi ndi chilombo cha m'nyanja chotchedwa leopard seal pamene anali kusambira pa ntchito yake, ndipo anafa. Ntchito imeneyi si ya masewera.

3. Nsomba zosaundana

Kodi m'madzi otere mungakhale chamoyo? Muli zambiri ndithu. Magazi a nsomba za kwina angaundane m'menemo, koma nsomba za kumeneko zimasambira bwino lomwe. Arthur DeVries, amene anafufuza nsomba za pa McMurdo, analengeza chifukwa chake m'chaka cha 1969: m'magazi mwao muli mapuloteni ena amene amamatirira ku timibulu ta madzi oundana pamene tangoyamba kupangika, ndi kutiletsa kukula.

4. Masiponji a Paul Dayton

Koma chophunzitsa kwambiri ndi nkhani ya siponji. Siponji ndi nyama, ngakhale imaoneka ngati chomera. Ilibe miyendo, ilibe pakamwa. Imakhazikika pansi, ndi kumakoka madzi m'timabowo ta thupi lake, kusefamo tizakudya tating'onoting'ono. Mtundu wina wa kumeneko, Anoxycalyx joubini, umaoneka ngati mtsuko woyera, ndipo umatha kutalika mamita 2.

Paul Dayton ndi anzake anayamba kuyang'anira masiponji amenewa m'chaka cha 1967. Anaika zizindikiro pansi pa nyanja, nasiyamo zitsulo ndi zipangizo zina, ndipo anabwerako kawirikawiri kudzayesa. Kufikira 1989, ndiko kuti zaka 22, sanaone masiponjiwo akukula, ndiponso sanaone atsopano akumera. Anthu ambiri anakhulupirira tsono kuti nyama imeneyi imakula pang'onopang'ono koposa, ndi kuti yaikuluyo yakhala zaka mazana ambiri.

Mu 2004 osambira anapeza masiponji amenewa atamera pa zitsulo zija, pamene kale panalibe kanthu. Dayton atabwerera mu 2010, ali nkhalamba, anawaona atakula kwambiri, pamene ambiri mwa akuluakulu amene anawadziwa kale anali atafa. Chinasintha nchiani? M'mwezi wa Marichi 2000 chibanthu chachikulu cha madzi oundana, chotchedwa B-15, cha makilomita ngati 295 m'litali, chinang'ambika ku Ross Ice Shelf, ndipo zidutswa zake zinaima zaka zingapo pa khomo la nyanja ya McMurdo. Ofufuzawo anaganiza kuti zimenezi zinasintha tizakudya toyandama m'madzi, ndipo masiponji, atapeza chakudya chowayenera, anakula msanga.

5. Tanthauzo lake

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Zaka 22 ndi nthawi yaitali pa moyo wa munthu: mwana amabadwa, nakula, nakwatira. Komabe sizinakwane kudziwa khalidwe la nyama imodzi yosayenda. Dayton sananame pamene analemba kuti sanaone kukula. Analemba zimene maso ake anaona. Ndipo popeza analemba mosamala, nasiya zizindikiro pa malo pake, iye ndi omtsata anatha kuzindikira kusintha kutafika. Akadaleka ntchito mu 1989, kapena akadalemba mwaulesi, chinsinsi chimenecho chikadakhala chobisika.

Chifukwa chake wofuna kudziwa zoona za chinthu chamoyo ayenera kuchita zitatu: ayang'anitsitse, alembe moona zimene waona osaonjezapo, ndipo asafulumire kunena kuti chimene sichinasinthe lero sichidzasintha konse. Mphunzitsi amene ali ndi mwana wosamva msanga angathe kulingalirapo.

Mafunso

1. Chifukwa ninji wosambira ali ndi zopumira ziwiri?
2. Ntchito ya munthu wotsala pa dzenje ndi yotani?
3. Chimaletsa magazi a nsomba zija kuundana nchiani?
4. Dayton anaona chiani kufikira 1989, nanga anaona chiani mu 2010?
5. Zizindikiro ndi zolemba zake zinathandiza bwanji omtsata?