FEIRA, MUDZI WA PA MITSINJE IWIRI

Mlendo wofuna kuona Boma la Luangwa acoka ku Lusaka ndi mseu waukuru wa kum'mawa. Asanaoloke ulalo wa Luangwa apatukira ku dzanja lamanja, natsata mtsinjewo kunka kum'mwera makilomita oposa 80. Mseu uthera pamene Luangwa athira m'Zambezi, ndipo mudzi uli pomwepo.

Malo amenewa ndiwo otsika koposa m'dziko lonse la Zambia, ndipo kutentha kwace m'mwezi wa October nkoopsa ndithu. Mvula imacepa, kotero kuti zaka zambiri cimanga sicicita bwino; cingakhale cibereke, njobvu zimalowa m'minda usiku. Cifukwa ca ici eni mudzi, ndiwo Acikunda ndi Ansenga, amadalira nsomba zouma, mphasa za bango ndi zipatso za masau.

Mudziwo ngwaung'ono, koma mlendo ataima pa gombe aona maiko atatu. Tsidya la Luangwa kuli Zumbo, m'dziko la Mozambique. Tsidya la Zambezi kuli Kanyemba, m'dziko la Zimbabwe. Mabwato amaoloka tsiku ndi tsiku, pakuti ambiri ali ndi abale ao kutsidya.

Dzina lakale la mudziwo ndilo Feira, mau a Cipwitikizi otanthauza msika. M'zaka za m'ma 1700 Apwitikizi anamanga nyumba kuno ndi ku Zumbo, namagula minyanga ya njobvu ndi golidi. Pambuyo pace msikawo unaipa, pakuti anthu naonso anasanduka malonda. Akuluakulu amaonetsa mlendo mlambe waukuru, nanena kuti akapolo anali kusonkhanitsidwa patsinde pace asanawatengere ku Tete.

M'mwezi wa November 1835 Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, tsiku lomwe dzuwa linada masana. Mpezeni, amene anadzakhala mfumu ya Angoni a ku Chipata, anali mwana wa Zwangendaba ameneyo.

David Livingstone anafika mu January 1856, napeza mudzi uli bwinja. Pakati pa makoma a miyala ogumuka anaona zotsala za nyumba ya Mulungu, ndi belu losweka lili gone m'udzu.

MAFUNSO
1. Chulani maiko atatu okomana pa Feira.
2. Kodi eni mudzi amadaliranji nsomba koposa cimanga?